Unga Ukatha, M'bale Ndani?

Mu September 2024, malaiti ali kubwera maola atatu cabe pa tsiku m'makomboni ambiri a Lusaka, ndinali kubwereza ndi ana a Giredi 12 mutu wa mabungwe a maiko: SADC, COMESA ndi African Union. Mutu umenewu suvuta kuphunzitsa. Umalemba pa bolodi caka cimene bungwe linayamba, kumene kuli likulu lake, zolinga zisanu ndi mavuto asanu, ana akopera, belu lalira. Tsiku limenelo sizinayende tero.

M'kalasimo munali mnyamata wina amene caka cam'mbuyo anapambana pa mtsutso wa pasukulu. Anali kumbali yonena kuti maiko a kum'mwera kwa Africa akhale ndi pasipoti imodzi, ndalama imodzi ndi nyumba ya malamulo imodzi. Analankhula mokoma. Anakumbutsa oweruza kuti mwezi wa August uliwonse Acewa a ku Katete, a ku Mchinji ndi a ku Tete amakumana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, pamaso pa Kalonga Gawa Undi mmodzi yemweyo. Anafunsa cifukwa cake anthu a mfumu imodzi ayenera kudinditsa mapepala kuti akaone ambuye awo tsidya lina. Holo yonse inaomba m'manja, ine ndemwe.

Tsopano mnyamata yemweyo anakweza dzanja.

"Ba Ticha, ine nasintha maganizo. Bavale cabe maboda. Unga wathu uyenda ku Congo, malaiti bagulitsa kunja, ise tigona mu mdima na njala. Aliyense azidya vake."

Ndinamuyankha ndi mau a m'buku, kuti mgwirizano umakulitsa msika, umatsitsa mitengo, umabweretsa nchito. Iye anati, "Msika ukule, manje zogulira zili kuti?" Kalasi inaseka. Atate ake ndi owocherera zitsulo, ndipo makina awo anali atakhala cete miyezi ingapo. Thumba la unga la makilogiramu 25 linali litapitirira K300. Ine ndinatsala ndi coko m'manja.

Madzulo ake, ndikuyenda kupita kunyumba pakati pa utsi wa mbaula, ndinayamba ndi kumuweruza. Ndinati uwu ndiwo ubale wa pambale: nsima ikakhalapo tonse ndife ana a Africa, ikatha aliyense akumbuka kwawo. Koma ndisanafike pakhomo ciweruzo cangaco cinayamba kundicititsa manyazi. Ine ndimalandira malipiro pakutha kwa mwezi, malaiti akhalepo asakhalepo. Kukhulupirira umodzi wa maiko sikunandilandepo ngakhale ngwee imodzi. Funso limene linanditsalira ndi ili: munthu wanjala akafuna kutseka citseko, walakwa? Ngati walakwa, walakwira pati?

Yankho ndinayamba kulifuna m'cilimba ca amayi anga. Ndili mwana, amayi anali kugulitsa kapenta ndi nyemba pamsika, ndipo anali m'cilimba ca azimayi khumi. Aliyense anali kusonkha ndalama yofanana pakutha kwa mwezi, mmodzi n'kutenga zonse, mwezi wotsatira wina, mpaka mzere utazungulira. Mayi wina wa pafupi ndi kwathu analandira m'mwezi wacitatu, nagula katundu wambiri. M'mwezi wacisanu amuna ake anacotsedwa nchito. Zinali zaka zija makampani a boma anali kugulitsidwa, ndipo mau akuti "retrenchment" ngakhale ife ana tinali kuwadziwa. Ndalama za katundu zinapita ku lendi ndi ku ndiwo. Anaphonya mwezi umodzi, kenako wina.

Msonkhano unacitikira m'nyumba mwathu, iye kulibe. Ine ndinali kuseri kwa katani, ndipo cimene ndinaona sindinaciiwale. Amene anali atalandira kale ndiwo anali kukamba za cifundo. Amene anali asanalandire anali kukamba za lamulo. Panalibe woipa mtima pakati pawo: wina anali kudikira ndalamazo kuti alipirire mwana mayeso, wina kuti afolere nyumba mvula isanagwe. Cifundo cinali cochipa kwa amene anali atadya kale, basi. Pomaliza anagwirizana kuti atenge katundu wa pathebulo la mayiyo, azigulitsa okha mpaka nkhongole itatha, ndipo anatuma munthu kukamuuza zimene zagamulidwa.

Anabweza zonse m'miyezi inai. Koma m'cilimbamo sanabwererenso. Anauza amayi anga kuti, "Ndalama zanu sindinakane. Koma munandiika pamtengo ngati mbuzi, ine mwini wake kulibe." Caka cotsatira cilimbaco cinafa, cifukwa aliyense anali ataona cimene cingamucitikire tsiku lake likafika. Azimayi amenewa anali atapangana bwino za tsiku lolandira. Za tsiku lolephera sanapanganepo kanthu, ndipo litafika, wolepherayo sanapatsidwe mpando.

Zomwezi zinacitika ku Ulaya, kungoti kumeneko anali mabiliyoni. Dziko la Greece linalowa m'gulu limene lero ndi European Union mu 1981, ndipo mu 2001 linalandiridwa m'ndalama ya euro. Kwa zaka zingapo zinthu zinakoma. Cifukwa cakuti linali kugwiritsa nchito ndalama imodzi ndi Germany, obwereketsa anali kulikongoza pa ciwongoladzanja cotsika ngati kuti nalonso ndi Germany. Kumapeto kwa 2009 boma latsopano linaulula kuti dzenje la m'bajeti linali lalikulu kwambiri kuposa zimene zinali kulengezedwa, kupitirira 12 peresenti ya cuma conse ca dziko. Obwereketsa anathawa. Mu May 2010 maiko a euro pamodzi ndi IMF anapereka nkhongole ya mabiliyoni 110 a euro, koma ndi malamulo ake: dulani malipiro, dulani mapenshoni, kwezani misonkho, gulitsani katundu wa boma. Mankhwala amenewa ife a kuno tiwadziwa kuwawa kwake. Makolo athu anawamwa m'zaka za m'ma 1990.

Cuma ca Greece cinafota ndi gawo limodzi mwa magawo anai. Mu 2013 anthu 27 pa 100 alionse ofuna nchito analibe nchito, ndipo pakati pa acinyamata anali oposa theka. Kafukufuku wa Eurobarometer, amene amafunsa anthu a maiko onse a gululi kawiri pa caka, anaonetsa kuti okhulupirira European Union anatsika kucoka pa 57 peresenti mu 2007 kufika pa 31 peresenti mu 2012. Pakati pa 2015 mabanki a ku Greece anatsekedwa, munthu n'kumaloledwa kutapa ma euro 60 cabe pa tsiku pa ATM. Pa 5 July caka comweco anthu anafunsidwa pa referendamu ngati avomera malamulo atsopano a obwereketsa, ndipo 61 peresenti anakana. Patangopita mlungu umodzi nduna yaikulu Alexis Tsipras, yemwe anali atawalimbikitsa kukana, anakavomera ku Brussels malamulo owawa kuposa amene anakanidwawo.

Apa pali cinthu cimene cinandidabwitsa nditaciwerenga koyamba. Anthu omwewo amene anakana, ambiri a iwo sanafune kucoka mu euro. Mafunso onse a nthawiyo anali kuonetsa zimenezo. Anali ngati mayi uja wa cilimba. Sanakane gulu, ndipo ambiri sanakane kuti nkhongole ilipo. Anakana kuikidwa pamtengo iwo kulibe. Voti yawo inali itasanduka pepala, cifukwa asankhe uyu kapena uyo, bajeti inali kulembedwa kwina.

Kumbali inayo nakonso kunali anthu, osati zilombo. Wanchito wa ku Germany amene amadulidwa msonkho mwezi uliwonse anali ndi ufulu wofunsa cifukwa cake alipirire boma limene linanama pa masamu ake. Cipani ca Alternative für Deutschland cinabadwa mu 2013 pa mkwiyo umenewu, cisanatembenukire kwa alendo. Cimene onse awiri sanauzidwe mokweza n'cakuti gawo lalikulu la ndalamazo linangodutsa mu Athens n'kubwerera kwa obwereketsa akale, kuphatikizapo mabanki a ku France ndi a ku Germany komweko. Uyu anaganiza kuti adyetsa waulesi, uyo anaganiza kuti apotoledwa khosi ndi wouma mtima, ndipo amene anakongoza mosasamala sanaoneke kwenikweni pa cithunzipo. Pangano la Maastricht la 1992, limene linabala euro, linali ndi lamulo lakuti dziko lisasenze nkhongole ya linzake. Kunena kwina, za tsiku loipa anapangana kuti silidzabwera. Mu 2020, mliri wa COVID-19 utagwetsa onse pamodzi, anacita zimene kale anali kukana: anakongola limodzi mabiliyoni 750 a euro, mbali ina n'kuipereka kwa ovutika kwambiri popanda kubweza. Phunziro analiphunzira, koma sukulu fizi inalipiridwa ndi ana a ku Greece.

Sitifunika kupita kutali conco, cifukwa ifenso tinakhalapo m'dziko limodzi ndi anzathu. Kuyambira 1953 mpaka pa 31 December 1963, Zambia, Malawi ndi Zimbabwe anali pansi pa Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, likulu lake ku Salisbury, Harare ya lero. Panali boma limodzi pamwamba, asilikali amodzi, ndipo kenako ndalama imodzi, zonse zimene mnyamata wanga anapempha pa mtsutso paja. Zaka zoyamba zinali za ndalama, cifukwa kopa inali kugulidwa bwino. Komabe anthu akuda a kuno anacikana kuyambira pa ciyambi, ndipo mu 1953 Harry Mwaanga Nkumbula anatentha pagulu mu Lusaka cikalata cofotokoza za Citaganyaco. M'nyumba ya malamulo ya mipando 35, akuda anali 6. Msonkho wa migodi ya ku Copperbelt unali kuwoloka Zambezi kukamanga kum'mwera. Mu 1955 anasiya pulani ya damu pa Kafue n'kusankha Kariba, nyumba ya magetsi n'kuimanga tsidya la kum'mwera, ndipo Atonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa m'cigwa cawo.

Mtengo wa kopa unapitirira mapaundi 400 pa tani mu 1956, koma pofika kuciyambi kwa 1958 unali utagwa kutsika pa theka la pamenepo. Mgodi wa Bancroft ku Chililabombwe unatsekedwa, anthu anabwerera kumidzi. Ngakhale azungu ena a kumpoto kuno anayamba kuwerenga ndalama zimene zinali kupita ku Salisbury. Kugwa kwa kopa sikunaphe Citaganya. Cinaphedwa ndi anthu amene sanafunsidwe. Koma kunatsegula buku la masamu kuti aliyense aone wosonkha ndani, wolandira ndani. Nkhani imeneyi imandiletsa kunena kuti anthu amangotsata mimba. Agogo athu anakana umodzi umenewu ndalama zilipo.

Ndipo anavomera wina ndalama palibe. Ian Smith atatseka malire mu January 1973, Kenneth Kaunda anakana kuwatsegulanso mbali ya kuno ngakhale Smith atasintha maganizo. Dziko lopanda nyanja linasiya njira yake yaifupi cifukwa ca ufulu wa anthu a maiko ena. Njanji ya TAZARA inatha mu 1975, caka comwe mtengo wa kopa unali pansi. Atate anga amasimba za mizere ya sopo, saladi ndi shuga, kudzuka tambala asanalire kukaima pa shopu osadziwa n'komwe cimene cabwera. Mu October 1978 ndege za Rhodesia zinaponya mabomba pa msasa wa Chikumbi, kufupi ndi Lusaka. Mwezi womwewo Kaunda anatsegulanso njanji ya kum'mwera cifukwa feteleza anali kufunika mvula isanagwe. Njala inamupinda dzanja ngakhale iye. Komabe mkati mwa umphawi womwewo, pa 1 April 1980, maiko 9 anakumana mu Lusaka n'kuyambitsa SADCC, kholo la SADC, ndipo mu December 1981 pangano la PTA, kholo la COMESA, linasainidwa muno momwemo. Mavuto anawakankhira pamodzi m'malo mowabalalitsa, cifukwa aliyense anali kuona kuti payekha sangapume pafupi ndi boma la tsankho la South Africa.

Sindifuna kuipaka golide nthawi imeneyo. Linali boma la cipani cimodzi, ndipo oima pamzere sanafunsidwe ngati avomera mtengowo. Atate anga akamasimba, theka la mau awo ndi kunyada, theka linalo ndi funso lakuti, nanga tinapindulanji? Koma anali kudziwa cimene anali kuvutikira, ndipo cinali ndi dzina. Mwana wa lero akaona unga wakwera, amauzidwa za "msika wa cigawo", cinthu copanda nkhope.

Cinthu copanda nkhope cikakupweteka, umafuna nkhope yapafupi. Mu 2015 kwacha inagwa koopsa, migodi inacotsa anthu masauzande, malaiti anali kuzima maola asanu ndi atatu pa tsiku, ndipo pofika kuciyambi kwa 2016 mitengo inali kukwera kupitirira 20 peresenti pa caka. Mu April 2016, mphekesera itafalikira yakuti alendo ndiwo anali kupha anthu mwa mizimu, makamu anathyola mashopu oposa 60, ambiri a anthu a ku Rwanda, kuyambira ku Zingalume ndi George kufalikira m'makomboni ena. Anthu awiri amene anatenthedwa anali a mu Zambia momwe muno. Mazana a alendo anakabisala ku chalichi ca St Ignatius. Ndinali nditayamba kale kuphunzitsa, ndipo ndinaona ndi maso anga ana a msinkhu wa ana a m'kalasi mwanga atasenza matumba a shuga ndi mabotolo a saladi. Wofuna wakupha sasenza shuga. Shopu ya kufupi ndi kumene ndinali kukhala inali ya munthu amene anali kutilemba m'kabuku mwezi ukafika pakati, ndipo kabukuko kanapita limodzi ndi katundu.

Anthu a ku Rwanda amenewo sanabwere ndi pangano la SADC. Ambiri anathawa nkhondo ya 1994. Koma khamu silisiyanitsa. Likulu la SADC lili ku Gaborone, obwereketsa ali ku London ndi ku Beijing, mtengo wa kopa umapangidwa kumene sitinapondeko. Amene dzanja lingamufike ndi wa pakantemba. Patapita zaka zitatu, mu September 2019, alendo ataukiridwa ku Johannesburg, ophunzira athu anaguba mu Lusaka ndi mkwiyo, ndipo FAZ inaimitsa masewera a Chipolopolo ndi Bafana Bafana. Tinali kunena zoona. Ndinangodabwa kuti 2016 tinaiiwala msanga bwanji.

Tsopano ndibwerere kwa mnyamata wanga. Pali pamene ananena zoona, ndipo sindidzamulanda zimenezo. Boma lili ndi udindo kwa anthu ake poyamba, monga mayi amene sangagulitse ufa wotsala ana ake asanadye. Cilala ca 2024 citalengezedwa kuti ndi tsoka la dziko pa 29 February, kuletsa cimanga kutuluka sikunali nkhanza. Anali ndi ufulu wonse wofunsanso kuti mgwirizano umenewu wosonkha ndani, wodya ndani. Amene amati wanjala azingokhulupirira umodzi osafunsa masamu, nthawi zambiri amakamba ali m'hotelo, pa msonkhano wolipiridwa.

Pamene analakwa ndi poganiza kuti citseko cili ndi mbali imodzi. Zambia yazunguliridwa ndi maiko asanu ndi atatu, ndipo ilibe doko. Mafuta a minibasi imene amakwera amadutsa m'maiko a eni, ena m'paipi ya TAZAMA kucokera ku Dar es Salaam. Ena mwa magetsi ocepa amene tinali kuona caka cimeneco anali ogula kunja, ku Mozambique ndi kwina, kudzera m'mawaya olumikizana a Southern African Power Pool. Madzi a Kariba timagawana ndi Zimbabwe. Ndipo caka comweco boma linapangana ndi Tanzania kugula matani 650,000 a cimanga. A ku Tanzania akanati aliyense azidya zake, nsima ya mnyamatayo ikanacepa kuposa pamenepo. Ndiponso kutsidya kwa Kasumbalesa, ku Lubumbashi, kumene ambiri amadya unga wa kuno, ndikhulupirira kunali mwana wina amene anakweza dzanja kufunsa mphunzitsi wake kuti, abale athu a ku Zambia aja atitsekera bwanji? Mlimi wa ku Lundazi nayenso, caka ca zokolola zambiri, boda ikatsekedwa ndiye amagulitsa cimanga cake motaya kwa ogula a pamsewu.

Koma mlandu waukulu sindiuika pa iye. Ndiuika pa ife amene timagulitsa umodzi ngati phwando. SADC inadziikira masiku: msika waufulu 2008, msonkho umodzi wa pamalire 2010, msika umodzi 2015, ndalama imodzi 2018. Loyamba lokha ndilo linatheka. Onse ndi masiku olandira. Za tsiku lolephera, monga dziko lisowe cimanga kapena lilephere kubweza nkhongole, momwe Zambia inalepherera mu November 2020, palibe pangano limene munthu wamba angaloze n'kunena kuti, apa ndiye pamene anzathu adzatigwira dzanja. Palibe m'Zambia amene anaponyapo voti kusankha womuimira ku SADC kapena ku COMESA, ngakhale likulu la COMESA lili pa Ben Bella Road pomwepa, pamene timadutsa tsiku lililonse. Khoti la SADC, kumene munthu wamba akanatha kusumira boma lake, linaimitsidwa mu 2010 litagamula motsutsa boma la Zimbabwe pa nkhani ya minda, ndipo pangano latsopano la 2014 linati lizimva milandu ya maboma okhaokha. Kaya munthu aganiza zotani za alimi acizungu amene anasumawo, citseko cimene cinatsekedwa cinali cathunso.

Ndiye tikadabwa kuti cuma cikagwa anthu amatembenukira umodzi msana, tidabwa ciani? Sanafunsidwe polowa, sanauzidwe mtengo wake, ndipo tsiku loipa likafika amamva zogamulidwa kudzera mwa wotumidwa. Ine ndikhulupirirabe kuti maiko athu ayenera kumangana, mpaka ku nyumba ya malamulo imodzi ngati zingatheke, ndipo cifukwa canga si cikondi cokha. Ndife ocepa mphamvu, ndipo wobwereketsa amakonda kukumana nafe mmodzimmodzi. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, amatero akulu, ndipo cifukwa cimene amapereka si ulemu, n'cakuti mawa zidzapsa zako. Koma kuzimirana kumafuna kuti mudziwiretu kumene kuli madzi.

Mlungu wotsatira ndinasiya bolodi. Ndinawagawa m'magulu, ndinawasimbira za cilimba ca amayi anga, n'kuwauza kuti alembe malamulo a cilimba ca maiko, koma a tsiku lolephera okhaokha. Gulu la mnyamata uja linalemba kuti caka ca mvula dziko lililonse liziika cimanga m'nkhokwe ya onse, kuti dziko lisatseke boda usiku popanda kucenjeza anzake, ndi kuti wolephera asaweruzidwe iye kulibe. Atafika pamenepo anaika bolopeni pansi.

"Ba Ticha, manje ngati bonse balibe? Ise tinalira mu February, Malawi mu March, Zimbabwe mu April. Cilimba ya bantu bosauka bekabeka, azapasa munzake ndani?"

Funso limeneli ndi lolemera kuposa la poyamba, ndipo ndinamuuza tero. Ndinati cilimba cimayenda pokhapo ngati tsoka siligwera onse mwezi umodzi, n'cifukwa cake bwalo liyenera kukula mpaka kukafika kwa amene mvula yawo ndi yosiyana ndi yathu. Ndinachula Tanzania.

"Tanzania sibanatipase," iye anatero. "Banatigulitsa."

Ndinati n'zoona, ndipo ngakhale m'cilimba palibe amene amapatsa mnzake zaulere. Sanavomere, sanatsutse. Foni ya mnzake inanjenjemera pansi pa desiki, ndipo ndinacita ngati sindinaimve. Uthenga unali wakuti kwawo malaiti abwera 14 koloko. Anapempha kuti apite msanga, pakuti atate ake anali ndi geti la munthu limene linakhala milungu itatu losamaliza, ndipo anafunika wowagwirira zitsulo. Ndinamulola. Pepala la gulu lake lili m'kabati mwanga mpaka lero. Pa lamulo lacinai analemba nambala yokha.